Madzulo a Lachinayi ku Allen

Mukachoka mumzinda wa Dallas ku Texas n'kulowera kumpoto makilomita pafupifupi 40, mumafika m'tauni ya Allen. Nyumba zake n'zofanana, kapinga wometa bwino, misewu yazii. Tauni yonseyo ili ndi sekondale imodzi yokha ya boma, Allen High School, ndipo ophunzira ake amaposa 5,000. Ndinapitako ndi mwana wa mchemwali wanga, yemwe amaphunzira pomwepo.

Choyamba kuoneka si makalasi ayi, koma bwalo la Eagle Stadium. Linatsegulidwa mu 2012, linadya ndalama pafupifupi madola 60 miliyoni, ndipo mumalowa anthu 18,000. Anthu a m'tauniyo anachita kuvota okha kuti limangidwe. Mmenemo amaseweramo mpira wa ku America, wogundana atavala zipewa zolimba. Kyler Murray, yemwe kenaka anakasewera mu ligi yaikulu ya NFL, anathandiza sukuluyi kutenga chikho cha Texas mu 2012, 2013 ndi 2014.

Tsikulo gulu loimba malipenga ndi ng'oma, lotchedwa Escadrille, linkayeserera. Ana mazanamazana ankasuntha phazi nthawi imodzi, thukuta lili kamukamu. Mphwangayo anaima n'kumangoyang'ana.

Mkati mwa sukulu muli zinanso. Ena amaphunzira maphunziro apamwamba a AP ndi IB okonzekera kuyunivesite. Ena amaphika mu lesitilanti ya pasukulupo, yomwe anthu akunja amadzadyamo. Ndipo lamulo la Texas la mu 1984 limati mwana akalephera kufika pa malikisi 70 m'phunziro, amayamba waima kusewera kwa milungu ingapo. Ngakhale kumene mpira ndi mfumu, buku limayenda patsogolo.

Koma masewero aakulu amachitika Lachisanu usiku, ndipo gulu la malipenga limaimba komweko. Pamene magetsi a bwalo akuyaka, dzuwa limakhala likulowa, Sabata likuyamba.

"Amalume, lipenga ndimalitha," anatero mphwangayo. "Koma ndikalowa gululi, Lachisanu lililonse ndidzakhala kuno."

Ndinamufunsa ngati mayi ake anamuletsa. Anapukusa mutu. Anati anakhala pansi n'kukambirana usiku wonse, ndipo mayi akewo sanabise kuti chimene akutaya ndi chachikulu: anzake, maulendo, dzina. Anasankha yekha kalasi ya zophikaphika, ndipo lipenga amaimba kutchalitchi.

Sindinganene kuti sizimupweteka. Ndinaona mmene zala zake zinkayendera pa lamba wa chikwama, kutsatira nyimbo ija.

Mawa lake dzuwa litapendeka, magalimoto anayamba kundondozana kulowera kubwalo, ana atapenta nkhope. Ife tinali kukhitchini. Mnyamatayo anaphula buledi amene anaphunzira kuphika kusukulu, n'kumuika patebulo akadali wotentha. Anatsegula zenera pang'ono, kenaka anadzakhala nafe.