Okushoni ya Ziii: Pamene Bolopeni Ipambana Pakamwa

Aliyense amene anakulira m'chalichi kum'mawa aidziwa okushoni ya pa masika. Mapemphero akasila, zopereka za kumunda aziunjika kutsogolo, ndipo mkulu wa mau amphamvu anyamula tambala m'mwamba: "K80! Ndani apitilira?" Anthu aseka, azimai aimba nthungululu. Koma yang'anani bwino amene akuwa mitengo. Ni anthu atatu olo anai chabe, amodzimodzi chaka na chaka: wa shopu, wa mathiraki, na wina amene afuna kuima pa ukhansala. Enafe tikhala mboni, ka K50 kathu kali phee m'thumba, chifukwa kulibe afuna kutchula mtengo pagulu kenaka n'kusekedwa wa shopu akauwirikiza kawiri.

N'chifukwa chake ndinaikonda njira imene tinayesa ku mpingo wa kwathu ku Petauke, pofuna ndalama za malata a kalasi ya ana a nasale. Ena anati tiyembekeze CDF, popeza mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Zoona, koma oifuna ni ambiri, ndipo mvula ya mu November siyembekeza munthu.

Pa Chizungu njirayi aitcha silent auction. Ife tinangoti okushoni ya ziii. Katundu aliyense akhala pa thebulo, pambali pake pepala na bolopeni. Pamwamba pa pepala palembedwa mtengo woyambira na kandalama koonjezera, tinene K10. Ukachifuna chinthu, ulemba mtengo wako pansi pa wa mnzako. Belu ikalira, wolemba mtengo waukulu ndiye atenga. Ife tinaonjezako chimodzi: m'malo molemba dzina, munthu anali kulandira nambala pakhomo, ndipo buku la maina linali kwa mlembi yekha.

Nambala imeneyi ndiyo inachotsa manyazi. Amai ena ogulitsa vitumbuwa analimbirana mbuzi yaikazi na nambala 4 mpaka mineti yothera, osadziwa kuti nambala 4 ni mwini wa hadiweya. Pagulu sembe sanatsegule n'komwe pakamwa. Mbuziyo anapita nayo ni iwo, chifukwa anali kuifuna yoweta, pamene mnzaoyo anali kuona ndiwo chabe. Agogo osadziwa kulemba naonso sanasale: pa thebulo iliyonse tinaimika wachinyamata, agogo amunong'oneza mtengo, iye alemba.

Chachiwiri chimene ndinaona ni nthawi. Osaitana anthu ku okushoni mu January olo February, pamene nkhokwe zili mbee ndipo ndalama yonse yapita ku fetereza na mayunifomu. Ku Petauke na ku Nyimba ndalama ioneka kuyambira June kufika August, anthu akagulitsa nshawa, thonje, soya na chimanga. Ife tinasankha Chiweru cha kothera kwa July, kuti ogwira ntchito za pa mwezi naonso akhale atafola.

Chachitatu ni katundu. Osavutika kupempha vinthu vodula va m'tauni. Anthu alimbirana chimene akachigwiritse ntchito mawa. Mlongo wanga anabwera na mikoko ya nthochi kuchoka ku Nyimba, zomwe zija mugula pa windo la basi. Wina wochoka ku Lusaka anaima pa Luangwa Bridge n'kugula nsomba zouma na basiketi. Panali thumba la nshawa, nkhuku za kumudzi, mphasa, vitenge. Koma mapepala amene anadzala msanga anali a ntchito za manja. Telala analonjeza kusoka mayunifomu awiri. Mnyamata wa weludingi anapereka mbaula. Wa babashopu anati adzameta mutu umodzi mahala miyezi itatu. Ndipo amalume ena a ng'ombe analembetsa kulima lima imodzi mvula ikagwa. Pa pepala limenelo anthu anachita kupanga mzere. Amenewa ni anthu amene akanati "ine nilibe chopereka," koma tsiku lija dzanja lao linasanduka malata.

Abale a ku Lusaka sitinawasiye. Kuchoka ku Mtendere olo Chawama kufika ku Petauke ni mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo ndalama ya basi ingathe kugula malata angapo. Manje tinajambula katundu n'kuika pa gulu la WhatsApp. Munthu atuma mtengo, mtsikana wa foni aulemba pa pepala, akawina alipira pa Airtel Money olo MTN, thumba lake la nshawa tilikweza basi.

Lamulo limodzi linali louma gwa: kulibe nkhongole. Mnyamata wina atawina njinga anayesa mwai.

"Amai, nizapeleka pa month end, munidziba ine."

Asungichuma anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nikudziwa, mwana wanga, na anyoko niwadziwa. Koma ku hadiweya sagulitsa malata na month end."

Njinga inapita kwa amene anali wachiwiri pa pepala. Lamuloli tinalilengeza tisanayambe, n'chifukwa chake kunalibe ndeu.

Sinikana, okushoni ya ziii ilibe chimwemwe chija cha kukuwa. Holo ikangoti zii anthu ayamba kuyasamula. Ife tinasiya kwaya iziimba, azimai a Chigwirizano azigulitsa munkoyo na vitumbuwa panja, ndipo keke imodzi tinaisungira kothera kuti aja okonda kuonekera aikuwire mtengo mwa kale. Naonso ni athu, ndalama yao siwawa.

Koma chimene chipangitsa anthu kubweranso chaka chamawa ni chimene chichitika belu italira. Tonse tinaperekako ku ma fundraising amene pothera timva chabe ati "zinayenda bwino," osamva kuti zingati. Pano chete asile. Anthu atatu, osati a banja limodzi, awerenge ndalama pa thebulo pamaso pa onse. Mlembi atchule mokweza chinthu chilichonse na mtengo wake. Mapepala amatidwe pa khoma, za pa foni zionetsedwe, ndipo malata akagulidwa lisiti iwerengedwe pa Sondo. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri siisenza kawiri ngati siinaone kumene ndalama yapita.

Manje imwe a timu ya bola mu komboni amene mufuna majezi, imwe a kwaya, imwe a chilimba: simufunika hotela olo mlendo wolemekezeka. Pezani mathebulo, mapepala, mabolopeni khumi na belu. Mitengo ilembedwe mwa ziii, koma ndalama iwerengedwe mokuwa.