Makina adandifoola, komanso adadzutsa asilikali a m'thupi langa

Ndine mayi wa ku Zóbuè, ndimagulitsa mbatata ndi tomato pafupi ndi chipata cha malire. Ndakhala pa ma ARV zaka zambiri. Magazi atayamba kutuluka nthawi yosakhala ya kumwezi, adandiyeza ndi viniga ku Moatize, n'kunditumiza ku Tete kumene adadula kanyama. Idapezeka khansa ya khomo la chiberekero, itakula kale moti mpeni sukadathandiza. Kudatsala kuwotcha basi, ndipo makina owotcherawo ali ku Hospital Central ya ku Maputo, kumene adayamba kugwira ntchito mu 2019. Achibale adasonkha ndalama ya basi, ulendo wa makilomita opitirira 1,500.

Pa makinapo sumva kutentha kapena kuwawa. Amakulemba timadontho pamimba, umagona chagada osagwedezeka, makina n'kumazungulira. Zowawa zimabwera pambuyo: kutsekula m'mimba, kuwotcha pokodza, miyendo kulemera. Sabata iliyonse ankandiika diripi ya mankhwala a khansa otchedwa cisplatin, atayamba anditenga magazi.

Tsiku lina magaziwo adaonetsa kuti asilikali a m'thupi atsika kwambiri, CD4 nayonso yagwa. Ndidalira, poganiza kuti kachilombo kadzuka. Adokotala adakhala nane pansi.

"Mayi, musaleke ma ARV ngakhale tsiku limodzi. Mafupa a m'chiuno ndiwo amapanga magazi ambiri, ndiye cheza cha makinawa chikuwakhudza. Koma chikuchitanso china chabwino."

Adandifotokozera kuti khansa imadziwa kubisala, ndipo imatha kugoneka asilikali oyenera kuigwira. Cheza chikaswa maselo ake, zizindikiro zake zimatayikira poyera, asilikali n'kuyamba kuizindikira. Ndidakumbukira tchire likapsa m'chilimwe, mauna a mbewa onse amaonekera. Apa m'pamene mtima wanga udakhazikika, chifukwa ndidadziwa kuti thupi langa nalonso likumenya nawo nkhondoyi.

Adatchulanso mankhwala ena, pembrolizumab, amene sapha khansa okha koma amamasula asilikali ogonekedwa aja. Ku America adawavomereza mu 2024 kuti aziperekedwa pamodzi ndi kuwotcha kwa amayi omwe khansa iyi yawakulira. Ali ndi zovuta zake, asilikali omasulidwawo nthawi zina amalimbana ndi matumbo kapena mapapo a mwini wake. Ine sindidawalandire, mtengo wake si wa munthu wogulitsa tomato. Zimandiwawa kuti mankhwala alipo koma mayi wa ku Tete amangowamva m'kamwa mwa dokotala.

Asilikali anga adabwerera pang'onopang'ono, patapita miyezi. Lero ndili pamsika, ndipo tsiku loyezetsa sindiliphonya.

Amayi anzanga a ku Moatize ndi ku Zóbuè, makamaka ife tili pa ma ARV, khansa iyi imatigwira msanga. Pitani mukayezetse musanamve kuwawa. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa iyi, adayamba kuperekedwa muno mu Mozambique mu 2021 kwa atsikana a zaka 9. Tengani ana anu akabayitse.