Jezi ya Wentz ndi mlandu wa Howie Roseman

Jezi yobiriwira ija ndinaigula pa kaunjika ndili Fomu 2. Kumsana inalembedwa WENTZ ndi nambala 11, ndipo sindinkadziwa ngati Wentz ndi munthu kapena kampani ya simenti. Ndinangoikonda chifukwa inali yaikulu komanso yosachedwa kuuma. Nditafufuza dzinalo pa foni ya achimwene anga, ndinapeza kuti ndi wosewera mpira wa ku America, uja amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo, ndipo timu yake ndi Philadelphia Eagles. Kuchemerera kwanga kunayambira pomwepo. Ena timu anatengera kwa bambo awo, ine ndinaitola m'belo.

Nkhani yanga lero si ya Wentz kwenikweni. Ndi ya Howie Roseman, mkulu amene amasankha ndi kusinthanitsa osewera a Eagles, munthu amene ndinamuweruza kuti achotsedwe ntchito ndili ndi zaka 17, ndili pakhonde la kwathu, bando itatsala pang'ono kutha.

Kwa amene mpira mumaudziwa ndi wamiyendo wokha, ndifotokoze pang'ono. Mu NFL muli matimu 32 ndipo palibe timu imene imatuluka mu ligi. Chaka chilichonse mu April pamachitika draft, mwambo wogawana anyamata ochokera m'makoleji. Pamakhala ndime 7, ndipo timu imene inachita moipa kwambiri ndi imene imayamba kusankha. Tayerekezani timu yothera pansi mu Super League ikupatsidwa mnyamata waluso kuposa onse m'dziko, Bullets ndi Wanderers akudikira kumapeto kwa mzere. Komanso kumeneko sagula wosewera ndi ndalama kwa timu ina ngati ku Ulaya. Amasinthanitsa: ndipatse wosewera wako, ndikupatse nambala yanga yosankhira chaka chino kapena chamawa. Pamwamba pa izo pali malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pachaka. Ndiye mkulu ngati Roseman ntchito yake ndi kubetcha pa anyamata a zaka 21, ndi ndalama zowerengeka, pamaso pa mzinda wonse.

Draft ya 2020 inachitika sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid, ndipo nthawi ndinali nayo yambiri. Pa nambala 21 Roseman anasankha Jalen Reagor wa ku TCU, wothamanga kukawakha mpira. Pa nambala 22, Minnesota Vikings inatenga Justin Jefferson wa ku LSU, wosewera malo omwewo. Tsiku lotsatira, mu ndime yachiwiri, pa nambala 53, Roseman anatenga Jalen Hurts, quarterback, ndiye kuti woponya mpira amene masewero onse amadalira mkono wake. Apa n'kuti chaka chimodzi chisanathe chiperekere kwa Wentz kontirakiti ya zaka 4 ya madola 128 miliyoni.

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuuza anthu kuti ine ndinaona msanga kuti kusiya Jefferson kunali kulakwa. Ndinkakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Semesita yatha, tikukangana ndi mnzanga wa m'chipinda, amene amachemerera Vikings chifukwa cha kavinidwe ka Jefferson basi, ndinati ndimusonyeze umboni. Ndinafukula mauthenga akale a gulu lathu la pa WhatsApp, la anthu osakwana khumi amene timadzuka usiku chifukwa cha mpira umenewu. Za Reagor ndinalemba mzere umodzi, woti mnyamatayo ali ndi liwiro ndipo tiyeni tione. Za Hurts ndinalemba mauthenga asanu ndi awiri otsatizana, ndipo womaliza unali woti Roseman achoke. Mnzangayo anaseka mpaka kugwa pabedi.

Ine ndimaphunzira mbiri yakale. Aphunzitsi athu amatikumbutsa pafupifupi sabata iliyonse kuti zimene munthu akukumbukira lero ndi zimene analemba tsiku lomwelo ndi maumboni awiri osiyana, ndipo woyambayo amadzikonza yekha kuti agwirizane ndi mathero a nkhani. Ndinkalemba zimenezi pa mayeso n'kumakhoza. Sindinkadziwa kuti mboni yonama ndi ine ndemwe. Chosankha chimene ndinachitukwana ndi chimene chinadzabweretsa chikho, ndipo chimene ndinachilekerera ndi chimene chinali cholakwika.

Komatu zimenezi sizikumupulumutsa Roseman pa nkhani ya Reagor. Pali anthu amene amati draft ndi juga, palibe amene amadziwa. N'zoona pang'ono, koma osati apa. Jefferson anali atangowakha mipira 111 m'chaka chake chomaliza ku LSU, timu imene inatenga chikho cha makoleji, ndipo akatswiri ambiri ankamuika pamwamba pa Reagor draft isanachitike. Chodandaula chawo pa iye chinali choti ankasewera kwambiri chamkati osati m'mphepete mwa bwalo, pamene Eagles inkafuna liwiro la m'mphepete. Apa Roseman anasankha zimene timu inkasowa sabata imeneyo m'malo mosankha wosewera wabwino. Chaka choyamba Jefferson anapeza mayadi 1,400, Reagor sanafike 400. Ndipo sikanali koyamba: mu 2019 anatenga J.J. Arcega-Whiteside pa nambala 57, DK Metcalf akadalipo, Seattle n'kumutola pa 64. Kuphonya kamodzi ndi tsoka. Kuphonya zaka ziwiri zotsatizana pa malo amodzimodzi, pamenepo diso lako lili ndi vuto.

Za Hurts n'zimene zimandivuta kuweruza ngakhale lero. Ndikachotsa zonse zimene ndikudziwa tsopano n'kubwerera mu April 2020, maganizo a Roseman anali ndi phata. Wentz anavulala bondo mu December 2017, ndipo chikho cha mu February 2018, chija anagonjetsa New England Patriots 41 kwa 33, anachitenga ndi Nick Foles, woponya wapabenchi. Mu 2018 Wentz anavulala msana. Mu January 2020, pa masewero a ndime yochotsana ndi Seattle, anagundidwa m'mutu n'kutuluka, m'malo mwake n'kulowa Josh McCown wa zaka 40. Munthu amene waona zimenezi katatu sangadzudzulidwe pofuna woponya wachiwiri wodalirika komanso wotchipa. Koma mbali inayo iliponso. Wentz anasewera moipa kwambiri mu 2020, anaponyera adani mipira 15 m'masewero 12, anakhazikidwa pabenchi, timu inapambana masewero 4 okha, ndipo kochi Doug Pederson anachotsedwa. Kodi kubwera kwa Hurts kunathandizira kumugwetsa? Palibe angatsimikize. Chimene ndikuona n'choti Roseman anagula inshuwalansi ya nyumba, nyumbayo inapsadi, koma mwina machesi anali m'thumba mwake momwe.

Pamene maganizo anga anasinthira ndi pa zimene anachita ndi phulusalo. Kumayambiriro kwa 2021 anapereka Wentz ku Indianapolis Colts. Pochita izi timu inasenza madola 33.8 miliyoni pa malire ake a malipiro chifukwa cha munthu amene sakuisewereranso, ndalama imene panthawiyo palibe timu inasenzapo pa wosewera mmodzi. Kumeneko kunali kuvomera pagulu kuti kontirakiti imene anasaina yekha inali yolakwika, komanso kutaya munthu amene mu 2016 anapereka manambala ambiri ku Cleveland kuti akamutenge pa nambala 2. Akuluakulu ambiri, kaya a mpira kaya a maofesi amene timawadziwa, amakakamira cholakwa chawo mpaka chiwamize, chifukwa kuchisiya n'kuvomera.

Tsono tsatirani ulusiwu, chifukwa ndi umene unandipangitsa kujambula mivi kuseri kwa notsi zanga. Colts inapereka manambala awiri. Yoyamba, ya ndime yachitatu mu 2021, Roseman anaiphatikiza ndi nambala 12 n'kupatsa Dallas kuti akwere pa 10, pomwe anatenga DeVonta Smith. Yachiwiri inasanduka nambala 16 mu 2022. Imeneyo, pamodzi ndi 19, anaipereka ku New Orleans Saints n'kulandira 18, 101, nambala ya ndime yoyamba ya 2023 ndi ya ndime yachiwiri ya 2024. Usiku wa draft ya 2022 anapereka 18 ndi 101 ku Tennessee Titans n'kutenga A.J. Brown, wowakha mpira wodziwika kale. Ya 2023 ija inakhala nambala 10, anakwera nayo pa 9 n'kutenga Jalen Carter. Ya 2024 anaigwiritsa ntchito pokwera pa 40, pomwe anatenga Cooper DeJean. Si zonsezi zinachokera kwa Wentz yekha, manambala ena anali ake kale. Koma mayina anayi onsewo ulusi wa Wentz ukuwakhudza. Ndipo Brown atafika ku Philadelphia anavala nambala 11.

Mnzanga wa Vikings uja amati ndikukometsa. Amandikumbutsa kuti pa nambala 12 imene tinasiyira Dallas anatengapo Micah Parsons, amene anatizunza zaka zotsatira. Amatinso kugula Brown kunali kulipira kawiri katundu mmodzi: ukanatenga Jefferson mu 2020, sukanataya nambala ya ndime yoyamba ndi kontirakiti ya madola 100 miliyoni pofuna kutseka dzenje lomwelo. Apa sindimutsutsa. Ndimangomuuza kuti ayang'ane mbali inayo ya malondawo. Mkulu wa Titans, Jon Robinson, anatenga Treylon Burks pa 18 kuti alowe m'malo mwa Brown. Mu December 2022 Brown anagoletsa kawiri pamene Eagles inakwapula Titans, ndipo patangopita masiku awiri Robinson anachotsedwa ntchito. Reagor naye anali atatumizidwa kale, mu August chaka chomwecho, ku Vikings komweko, kukakhala pabenchi kumbuyo kwa Jefferson.

Pali chosankha chimodzi chimene sindimasuka nacho, ndipo ndi cha Carter. Pa luso, ambiri ankamuona ngati woyenera kutengedwa koyambirira kwenikweni. Anatsika mpaka pa 9 makamaka chifukwa cha ngozi ya mu January 2023 ku Athens, m'chigawo cha Georgia, pomwe anthu awiri, wosewera mnzake ndi wogwira ntchito ku timu ya kolejiyo, anamwalira m'galimoto ina. Carter sanatsutse milandu yoyendetsa mosasamala ndi kuchita mpikisano wa galimoto pamsewu. M'gulu lathu lija tinasangalala kuti tamupeza motchipa, ndipo ine ndinali nawo. Nditawerenga mauthenga amenewo kachiwiri ndinachita manyazi kuposa a Hurts aja. Kutchipako kunachokera pa maliro a anthu awiri. Pabwalo Roseman anapindula, palibe wokana. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ndikamawerengera ntchito yake mzere umenewu sindidziwa kuti ndiulembe mbali iti.

Za Jordan Mailata ndingodutsa, ngakhale ndi amene ndimamukonda. Mnyamata wa ku Australia wosewera rugby, wosasewerapo mpira wa ku America ngakhale kamodzi, anatengedwa pa nambala 233 mu 2018 n'kudzakhala mlonda wa kumanzere kwa Hurts. Pamenepo ulemu waukulu upite kwa kochi Jeff Stoutland amene anamuphunzitsa kuyambira pa a-e-i-o-u. Zimenezi zimandikumbutsa kuti timakonda kuika zonse pa mutu wa munthu mmodzi, chifukwa dzina limodzi n'losavuta kutukwana kapena kutamanda.

Masewero omaliza a pa 9 February 2025 ku New Orleans anayamba cha m'ma 1:30 usiku nthawi ya kwathu kuno, kutacha Lolemba la kalasi ya 8 koloko. Zaka ziwiri m'mbuyomo Kansas City Chiefs yomweyo inatigonjetsa 38 kwa 35, choncho ndinakhala chete ngati ndili pa mlandu. DeJean analanda mpira wa Patrick Mahomes n'kuthamanga nawo mpaka kukagoletsa, pa tsiku lake lobadwa. Brown anagoletsa. Smith anagoletsa. Popita kokapuma zinali 24 kwa 0, pomaliza 40 kwa 22, ndipo Hurts, uja wa mauthenga anga asanu ndi awiri, anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse.

Ngati mukufuna chigamulo changa, ndi ichi. Pa kuzindikira wowakha mpira wa ku koleji, Roseman wa 2019 ndi 2020 analephera, ndipo chikho sichifufuta zimenezo. Pa kudziwa mtengo wa nambala, ya lero ndi ya chaka chamawa, sindikudziwa amene amamuposa. Pa kusiya cholakwa chake chisanamumize, pamenepo ndi pamene ndimamuchitira nsanje, chifukwa ine zinanditengera zaka zinayi ndi mnzanga woseka pabedi kuti ndivomere mzere umodzi wa pa WhatsApp. Mwini timu, Jeffrey Lurie, akanamvera ine mu 2020, sindikudziwa kuti usiku wa ku New Orleans uja ukanakhalako.

Jezi ija ndinavala usiku umenewo. Yafupika, zilembo za kumsana zayamba kumatuka, W yatsala theka. Mnzanga anandiuza kuti ndimatule zonse ndilembepo BROWN ndi penti, popeza nambala ndi yomweyo. Ndinakana. Ku kalasi ya 8 koloko ndinapita nayo osagona, ndipo aphunzitsi atandifunsa kuti Wentz ndi ndani, ndinati ndi nkhani yaitali, koma ndikhoza kuijambula pa bolodi.