Ulendo wa ku Mchinji: Mabwana Awiri a ku Fort Manning

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku boma la Mchinji ndi ulendo wa makilomita oposa pang'ono 100, kulowera kumadzulo. Msewu wake umadutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo, pakati pa minda ya chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Dzikoli ndi lachidikha, koma poyandikira boma mapiri a Mchinji amayamba kuonekera patsogolo, ndipo kuseri kwake ndi ku Zambia. Njanji inafika kuno m'chaka cha 1980, ndipo inapitirira mpaka ku Chipata mu 2010. Achinyamata ambiri amene amakwera minibasi pa msewu umenewu sadziwa kuti agogo ao ankati akupita ku Fort Manning, ndi kuti mzinda wa Chipata unkatchedwa Fort Jameson.

Mwini dzinali anali William Manning, msilikali wa ku Mangalande amene anaphunzira ku Cambridge ndi ku sukulu ya akuluakulu a nkhondo ya Sandhurst. Iye ndiye anatsogolera nkhondo yogonjetsa Angoni a Mpezeni m'chaka cha 1898, pamene Nsingo mwana wa mfumuyo anaphedwa, ng'ombe zikwizikwi nizilandidwa. Pambuyo pake anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland kufikira 1913, nakalamuliranso ku Jamaica ndi ku Ceylon. Tsono taonani ichi: malinga ndi mizinda zinkatenga maina a akuluakulu okhaokha. Sajeni amene ankakuwa pa perete, kapena kapitao wachizungu amene ankayang'anira okumba msewu, palibe ndi kamudzi komwe kamene kanatchedwa dzina lake.

Makolo athu poyamba ankayesa kuti azungu onse ndi amodzi, popeza khungu ndi chinenero zinali zofanana. Amene anatulukira chinsinsi anali makhukhi, ochapa ndi amesinjala, chifukwa wophika ndiye adziwa za m'nyumba. Iwowa ndiwo anabweretsa kumudzi nkhani yakuti Angerezi ali ndi mitundu iwiri, ndipo nthano zao zikusimbidwabe pa mabwalo.

Mtundu woyamba ndi wa Bwana Disi. Ameneyu, ankatero akuluakulu, polankhula ankakhala ngati wavwira mbatata yotentha, milomo osatsegula kwenikweni. Akakwiya sankakuwa ai, ankangokweza chikope chimodzi, kalaliki n'kuyamba kunjenjemera. Ngakhale ali yekha pa ulendo m'tchire, madzulo ankasamba, nasintha zovala, nakhala pa tebulo loyalidwa nsalu yoyera, kuti adye nkhuku yoonda imene anagula kwa anyakwawa. Mipeni ndi mafoloko zinali zambiri kuposa ndiwo. Galu wake ankamulankhula mwaulemu kuposa mlendo, ndipo za ndalama sankatchula konse, ngati kuti ndi mau otukwana, chonsecho ntchito yake yaikulu inali kutolera msonkho.

Mtundu wachiwiri ndi wa sajeni, wa kapitao wa zamisewu, wa makaniko ndi wogulitsa m'sitolo. Ameneyu mau ake ankamveka kutsidya kwa dambo. Malaya ankapinda m'mikono, tiyi ankamwa wakuda wa shuga wambiri m'kapu ya chitsulo, ndipo chakudya chamadzulo ankachitcha tiyi, chinthu chimene chinkasokoneza khukhi amene anazolowera kwa Disi. Nkhani zake zinali za mpira wamiyendo, pamene mnzake uja ankakamba za akavalo ndi kusaka. Akuti Chingerezi chake chinkameza malemba ena, kotero kuti mwana wa sukulu ya mishoni ankatha kumuposa pa galamala. Disi akatulukira, sajeni ankaima njo ngati mtengo wa bulugama; Disi akangotembenuka, ankamutsanzira mayendedwe, asilikali n'kumaseka chamumtima.

Nthanozi zili ndi mchere woonjezera, monga mwa nthano zonse, koma maziko ake ndi oona. Kwa zaka zambiri kufikira 1948, munthu wina wotchedwa Ralph Furse ndiye ankasankha anyamata okalamulira maiko a atsamunda. Iye sankadalira mayeso olemba, koma kucheza ndi mnyamatayo maso ndi maso ndi kumva za sukulu imene anachokera, ndipo ambiri osankhidwa anali a m'sukulu zodula ndi a ku Oxford ndi Cambridge. Mwana wa wokumba malasha kapena wa woomba nsalu m'fakitale, akafuna kubwera kuno, khomo lake linali la usilikali, la njanji kapena la sitolo.

Angerezi eni ake amadziseka pa nkhani yomweyi. M'chaka cha 1955 mai wina wa m'banja lapamwamba, Nancy Mitford, analemba nkhani yondandalika mau amene amaulula ngati munthu ndi wapamwamba kapena wongodzikweza, ndipo anthu ambiri anayamba kuopa pakamwa pao pomwe. Mu 1966 wailesi yakanema ya BBC inaonetsa kasewero ka amuna atatu oima pamzere: John Cleese wamtali atavala chipewa cha mabwana, Ronnie Barker wapakati, ndi Ronnie Corbett wamfupi atavala kapusi ya antchito. Wamtali ankayang'ana anzake chotsitsa maso, wapakati ankayang'ana m'mwamba ndi pansi, wamfupi n'kumangopweteka khosi ndi kuyang'ana m'mwamba. Anthu a kumeneko anaseka chifukwa aliyense anadzipeza pa mzerewo.

Koma kuno mzerewo unali ndi munthu wachinai amene kasewero kaja sikanamuonetse. Mzungu amene kwao ankavulira anzake chipewa, akafika kuno ankanyamulidwa pa machila, nakhala ndi khukhi, wam'munda ndi mlonda. Pansi pa wamfupi uja panali agogo athu, amtengatenga ndi olipira msonkho. Chida chimene chinawatsalira chinali kuseka. Ankapatsa azungu maina monga mwa maonekedwe ndi makhalidwe ao: kampani ya African Lakes, imene inayamba mu 1878, inatchedwa Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, ndipo dzinalo linakakamira kuposa lenileni.

Kuseka kwina kunalowa m'magule. Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, anyamata amene anaona perete wa asilikali a King's African Rifles anafalitsa mganda ndi malipenga. Mukaona mganda m'midzi ya chigawo chapakati, yang'anitsitsani: zovala zoyera zositidwa bwino, masokosi ofika m'maondo, mizere yoongoka, malipenga a zikho m'malo mwa amkuwa, ndi mtsogoleri woyenda monyada, chibwano m'mwamba. Mabwana awiri aja ali pomwepo, wina m'kunyada kwa mayendedwe, wina m'kulamula kwa mizere. Mlimi wosauka ankakhala bwana kwa tsiku limodzi, anthu n'kuombera m'manja, mzungu woonerera n'kumayesa kuti akumulemekeza.

Kuchokera pa boma kukafika pa chipata cha Mwami ndi makilomita 12. Mu 2022 maiko awiriwa anatsegula nyumba imodzi yoonetsera ziphaso, ndipo magalimoto akuluakulu amandandalika m'mbali mwa msewu. Pamenepo, ndi pa maofesi a pa boma, mlendo wachidwi adzaona kuti Bwana Disi ndi sajeni sanapite onse. Adzaona munthu atavala jekete ndi tayi m'dzuwa la Okutobala, thukuta lili kamukamu, akuyankha m'Chingerezi gogo amene wamufunsa m'Chichewa. Adzaona mlonda wa pakhomo akukalipira amai osenza dengu, kenaka n'kuwerama mpaka pansi pofika galimoto yonyezimira. Wakabaza amatcha aliyense wonenepa kuti bwana, ndipo wovala nsapato amadumpha mzere umene wovala patapata waimapo chiyambire m'mawa. Mutu ukakula sulewa nkhonya: nthano zimene tinkasimba za azungu tsopano zikutikwana ife.

M'kalasi ndimaona kumene matendawa amayambira. Mwana wa sitandade 8 akadziwa Chingerezi pang'ono amayamba kuseka mnzake amene lilime lake limasokoneza malemba. Wina akasankhidwa kupita ku sekondale amapempha bambo wake kuti asadzabwere kudzamuona pa njinga, chonsecho fizi yachokera m'matumba a mtedza amene njinga yomweyo inanyamula. Ndipo ife makolo timathandizira, pamene tiopseza mwana waulesi kuti adzakhala mlimi, ngati kuti khasu ndi chilango. Boma lonse la Mchinji limadya za khasu, ndipo ngakhale a jekete aja nsima yao imachokera komweko.

Tisaiwalenso kuti nthano za mitundu ya anthu zimanama. David Livingstone, wobadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, nawerenga mabuku ake pakati pa phokoso la makina. Pa mzere wa amuna atatu uja akanaima kumapeto, atavala kapusi. Komabe mu 1874 mtembo wake unaikidwa ku Westminster Abbey, kumene kumagona mafumu. Mzinda wotchedwa dzina la kwao ulipobe m'dziko muno, pamene dzina la Manning linafafanizidwa titalandira ufulu wodzilamulira.

Motero, makolo anzanga ndi inu achinyamata, mukadzapeza mpata pitani ku Mchinji, mukaone mapiri, njanji ndi chipata, ndipo mukafunse okalamba za Fort Manning nthawi isanathe. Nthano za Disi ndi sajeni muziseke ndithu, pakuti agogo athu anazisiya kuti tiziseka. Koma agogowo ankaseka munthu wowapondereza, osati mnzao wosauka. Mwana amene wabwera kutchuthi ndi Chingerezi chatsopano, mpatseni mpando, mumve zimene waphunzira, kenaka m'mawa mumpatse khasu apite nanu kudimba.