Singano Imene Inadyetsa Mabanja Mvula Itakana

M'chaka cha 1969 chilala chinasautsa boma la Kutch, m'chigawo cha Gujarat, kumadzulo kwa dziko la India. Minda inauma, ziweto zinasowa msipu, ndipo mabanja a alimi ndi abusa anayamba kugona ndi njala. Mmodzi mwa anthu amene anapita kukathandiza m'mudzi wa Dhaneti anali Mayi Chanda Shroff, ochokera mumzinda umene lero ukutchedwa Mumbai.

Amayi a mtundu wa Ahir a m'mudzimo sanafune kukhalira kulandira zaulere. Pocheza nawo, Mayi Shroff anachita chidwi ndi zovala zawo. Zinali zopetedwa pamanja ndi ulusi wa mitundu yowala, zokhala ndi maluwa, zinkhwe ndi mbalame za pikoko, komanso timagalasi tosokerera pansalu. Luso limeneli mtsikana ankaliphunzira kwa mayi ake pokonzekera katundu wopita naye kubanja. Silinali la malonda.

Mayi Shroff anapereka nsalu 30 za sari, chovala cha amayi a ku India, kwa amayi 30 kuti azipete. Atapita nazo ku Mumbai, zonse zinagulidwa, ndipo phindu lake linabwerera kwa opetawo. Umu ndi mmene linayambira bungwe la Shrujan. Bungweli limapititsa nsalu ndi ulusi kumidzi, mayi n'kumapeta ali pakhomo pake akamaliza ntchito zina, ndipo amalipidwa pa nsalu iliyonse imene wamaliza.

Ku Kutch kokha kapetedwe n'kosiyanasiyana, ndipo wodziwa amatha kuzindikira mtundu wa munthu poona chovala chake. Amayi a Mutwa amagwiritsa ntchito timagalasi ting'onoting'ono kwambiri. Opeta mwa njira ya suf sajambula kanthu pansalu, amangowerenga ulusi wa nsaluyo, akupeta chakumbuyo kwake. Kwina m'dzikomo, ku Lucknow kuli chikankari, ulusi woyera pansalu yopyapyala. Ku Punjab kuli phulkari. Pamene ku Bengal kuli kantha, kumene amayi amasanjikiza nsalu zakale n'kuzisoka kukhala chofunda chatsopano.

Lero kapetedwe ka ku India kali pa madiresi, majekete ndi zikwama za mtengo wapatali. Mu 2023 kampani ya mafashoni ya ku France ya Dior inachitira chionetsero chake ku Mumbai, ndipo zovala zambiri zinapetedwa ndi amisiri a ku India. Komabe kutchuka kwa nsalu sikufika nthawi zonse m'thumba mwa woipeta. Alimi amalidziwa bwino vuto limeneli: wogula pakhomo amatchula yekha mtengo, ndipo phindu lalikulu limatsalira panjira. Palinso makina amene amatengera maluwa omwewo n'kuwagulitsa motchipa.

Vuto lina limene linkawadetsa nkhawa Mayi Shroff linali kuiwalika kwa luso. Msika ukamafuna zinthu zachangu, kasokedwe kovuta kamatayika pamodzi ndi agogo amene ankakadziwa. Choncho Shrujan inapempha akatswiri a m'midzi kuti apete nsalu zachitsanzo, zimene zinkayendetsedwa pagalimoto mudzi ndi mudzi kuti atsikana aziona ndi kuphunzira. Kaamba ka ntchito imeneyi, mu 2006 Mayi Shroff analandira mphoto ya Rolex. Anamwalira mu 2016, koma bungwe lawo likugwirabe ntchito ndi amayi masauzande m'midzi yoposa 100.

Wogwira ntchito zachitukuko akafika m'mudzi wa njala, kawirikawiri amayamba ndi kulemba zimene anthu akusowa. Kutero n'koyenera, pakuti wanjala ayenera kudya lero. Koma Mayi Shroff anafunsanso zimene manja a anthuwo ankadziwa kale kuchita, kenaka anawapezera msika ndi kuonetsetsa kuti ndalama zikufika kwa mwini singano. Ku Kutch mvula imavutabe zaka zina, koma mayi wopeta amakhala ndi pogwira podikira kuti igwe.