Chithunzi cha Mtedza Nachonso ndi Malonda

Wachinyamata wa ku Zemba m'boma la Chadiza amene ali ndi foni yojambula bwino asamangodikira maukwati. Ntchito ili pa chakudya. Wogula mtedza wa Chalimbana ali ku Chipata kapena ku Lusaka sangabwere ku Chadiza kudzatapa m'thumba ndi dzanja lake. Chomwe amaona ndi chithunzi cha pa WhatsApp, ndipo mtengo amayamba kuuganizira pomwepo. Mtedza wojambulidwa m'nyumba yamdima umaoneka ngati wachuku. Womwewo ukathiridwa m'lichero pakhonde dzuwa likungotuluka, njere zake zimaoneka zokhwima, zofiirira, zopetedwa bwino. Chiwawa chotendera nachonso chijambulidwe chikadafuka nthunzi pambali pa nsima, chisanaume pamwamba.

Ena anena kuti aliyense ali ndi foni, nanga alipirirenji? Aliyense alinso ndi khasu, koma nkhokwe sizidzala mofanana. Chimene munthu amalipira ndi diso lodziwa kuwala ndi dzanja lodziwa kukonza mbale. Ena akuti kumudzi kulibe ndalama zotere. Zoona, mayi mmodzi wogulitsa vitumbuwa sangakwanitse, koma gulu la alimi lingasonkherane n'kujambulitsa zokolola zonse tsiku limodzi, monganso ophika amene amakagulitsa ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti. Chachikulu n'chakuti chithunzi chisaname. Mukabisa mtedza wofumbwa pansi pa wabwino, wogula sabweranso, ndipo mbiri ya mudzi wonse imaipa. Jambulani zimene zilidi m'thumba.