Fani Yolira Siinafe

Kuno ku Chitipa timadziwika ndi kuzizira, koma mwezi wa Okutobala dzuwa limaswa mtengo, ndipo malata amasunga kutentha mpaka usiku. Apongozi athu, amene ndi okalamba ndiponso odwaladwala, sapeza tulo popanda fani imene tidagula ku Karonga, ija yotembenuza mutu uku ndi uku. Usiku wina titaiyatsa, mapiko ake sadagwedezeke konse. Idangolira ngati njuchi.

Ife tidafulumira kuweruza kuti yapsa. Ndalama zimene zidali m'nyumba zidali za fizi ya mwana wathu wa Fomu 3, ndipo tidayamba kulingalira zotapako kuti tigule ina. Mwanayo ndiye adatiletsa. Adati, "Adada, poti ikulira, magetsi akufika. Tiyambe taiona."

M'mawa tidazula pulagi, pakuti magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ndipo amapha. Titachotsa chitetezo cha waya, tidazunguza mapiko ndi chala, nkupeza kuti ngolimba. Fumbi la chilimwe lidaumbana ndi mafuta akale pa kachitsulo kamene kamazungulira pakati pa mota. Tidapukuta, nkudonthezera mafuta a makina osokera kutsogolo ndi kumbuyo. Mafuta ophikira sayenera, chifukwa amadzamata ngati ulimbo.

Mapiko adamasuka, koma titayatsanso idangolira monga kale. Tsono mnyamatayo adakankha phiko limodzi ndi kamtengo, ndipo fani idayamba kuzungulira. Adatifotokozera kuti mota yotere ili ndi mikulungo iwiri ya waya, ndipo kapasita ndi imene imasiyanitsa kayendedwe ka magetsi m'mikulungoyo kuti mota ipeze mphamvu yonyamukira. Ikafooka, mota imadikira woikankha.

Kapasitayo ndi kabokosi kakuda konga ka machesi. Yathu idalembedwa 1.5 µF ndi 450 V. Titazulanso pulagi, tidakhudzitsa mawaya ake awiri ndi chitsulo cha chogwirira chapulasitiki, popeza imatha kusunga magetsi. Kwa wokonza mawailesi pa Boma tidagula ina ya manambala omwewo pa mtengo wochepa kwambiri. Usiku umenewo agogo adagona, ndipo fizi idatsala yosakhudzidwa.

Owerenga okondedwa, fani yanu ikakana, yambani mwamvetsera. Ikalira, izimitseni msanga kuti waya angapse, kenaka muone fumbi ndi kapasita. Ikangoti zii, onani pulagi ndi chingwe. Zikakhala bwino, mwina yaduka fyuzi yobisika m'mota. Imeneyo, ndiponso fani yonunkha kupsa, mupite nayo kwa mmisiri.

Taphunzitsa ana zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndife tidakhala pa benchi. Tidakumbukiranso ana angapo amene tidawayesa mbuli m'kalasi, chonsecho ankangosowa wowayambitsa. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Makolo anzathu, mwana akati "tiyambe taona", timumvere.